Galimoto ya Dothi ya Bambo a Stella

Limbuli, Mulanje
6 Ogasiti 2017

Achimwene a Robson,

Mundikhululukire kalembedwe. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekera sitandade 4, ndiye pamene pakukanika kuwerengeka mungoganizira. Ndikanaimba foni, koma foni ya kuno ndi ya a Marjory oyandikana nafe, ndipo ukamalankhula amaima pomwepo ngati akukuthandiza kupuma. Nkhani iyi si ya makutu ambiri. Kalatayi ndapatsira a Noel amene amanyamula katundu wa anthu ku Joni.

Muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinasiya? Mukuvala zofunda? Ife kuno tilipo. Stella wakhoza, akupita sitandade 7. Nandolo wabereka koma ogula akuchita matama.

Nkhani ndi ya alamu anu, bambo a Stella. Kalendala ija munawatumizira, ya zithunzi za galimoto zakale, yatilowetsera mavuto m'nyumba. Komanso paja pa Khirisimasi munawauza kuti kumafakitale galimoto amayamba aiumba ndi dothi asanaipange ndi chitsulo. Inu munanena mocheza, iwo anasunga.

Kuyambira mu Juni amanga mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba, pamene panali khola la nkhumba. M'katimo aluka nsungwi ngati nkhokwe yogona chammbali, ndipo akumata dothi pamwamba pake. Si kagalimoto ka ana ayi, Achimwene, ndi yaikulu ngati yeniyeni. Dothilo akukatapa ku mtapo kumene amayi amatenga la mbiya. Tangoganizani, mwamuna wa ndevu zake pamzere ndi amayi, thumba paphewa. Ntchito yawo yokhoma zidebe ndi mbaula pamsika akuigwira masiku awiri okha pa sabata.

Akuti dothi likauma msanga limang'aluka, ndiye amalifunditsa masaka onyowa. Madziwo akutunga ndani? Ine. Kumjigo ndikupitako kasanu ndi kawiri pa tsiku. Dzana a Marjory anandifunsa pagulu kuti, "Mayi a Stella, kodi kwanu mwatsegula bafa la anthu onse?" Wina nkuti, "Ayi, akusambitsa galimoto. Ikakula idzawatengera ku Limbe." A Marjory nkuwonjezera, "Mudzandisungire malo kutsogolo, ine kumbuyo ndimasanza." Anaseka mpaka wina anagwetsa ndowa. Manyazi anandigwira, ndiye ndinati, "Sekani. Aitanitsa ndi azungu a ku Joni, mabwana a achimwene anga. Adzabwera okha kudzaiona." Onse anangoti zii. Ndinanama, Achimwene, koma tsiku limenelo ndinasenza ndowa yanga khosi lili njo.

Tsono mundiuze, kodi munthu angathe kupenga pang'onopang'ono osadziwika? Amadya bwino, samwa, sananditukulirepo dzanja. Koma munthu wabwinobwino angakhale m'mawa wonse akusisita dothi atatsinzina? Inu ndinu mwini mbumba, iwo ndi mkamwini pamudzi pathu pano. Muwalembere asiye. Kwa inu amamva.

Ndine mlongo wanu,
Lizzie

Germiston
20 Ogasiti 2017

Chemwali wanga Lizzie,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo ndaseka mpaka anzanga pagalaja pano amayesa ndalandira bonasi. Chifuwa chinatha, usadandaule. Iwe unabadwa ukudandaula. Amayi ankati tsiku lomwe unabadwa unayamba wayang'ana kaye denga ngati likudontha.

Alamu anga sanapenge. Ine pano ntchito yanga ndi kuwongola galimoto zakale zimene eni ake amazisunga ngati mazira. Ina yabwera sabata yatha, ya zaka makumi asanu, siyenda nkomwe, koma anthu akumabwera kudzangoiyang'ana manja kumbuyo ngati ali m'tchalitchi. Akuyang'ana chiyani? Maonekedwe basi. Amene anailingalira anayamba ndi pensulo ndi dothi, chimodzimodzi alamu. Kuno munthu wotero amamuvulira chipewa, kwathu timamufunira sing'anga.

Za a Marjory unachita bwino. Pakamwa pamenepo panafunika chotsekera kuyambira tili ana.

Madzi okhawo ndakumvera chisoni. Ndapatsira a Noel mgolo wa pulasitiki kuti a kabaza azikudzazira kamodzi. Muli nsapato za Stella m'katimo. Alamu uwauze andilembere okha, anditumizire ndi zojambula zawo. Sindiwaletsa ayi.

Achimwene ako,
Robson

Limbuli
3 Sepitembala 2017

Alamu,

Moni. Mgolo wafika, zikomo. Ine sindilemba makalata kawirikawiri, ndiye ndingonena za ntchito.

Galimoto za masiku ano zimaoneka ngati zakwiya. Nyali zake zili ngati maso a munthu wofuna ndewu, m'mbali mizere isanu, uliwonse ukulowera kwake. Pa kalendala yanu pali ina yofiira ya mwezi wa Meyi. Amene anapanga imeneyo anali ndi mtima umodzi. Koma kumbuyo anaidula msanga, ngati anamuitana kumaliro asanamalize.

Ine ndikufuna mzere umodzi wokha, wochoka panyali kukafika kumchira osaduka, ngati msana wa mlamba ukamakhota m'madzi. Denga litsike lokha, lisachite kugwa. Munthu akaiona itaima aziganiza kuti yatsala pang'ono kunyamuka.

Ndimapala ndi chidutswa cha sowo, nkusalaza ndi nkhulungo ya mbiya. M'mawa ndimawaza madzi pamwamba nkuona mmene kuwala kwagonera. Pamene kuwala kwathyoka, pamenepo dzanja langa lalakwitsa, ndimayambiranso. Mbali ya kumanja yatha. Ndadula makatoni motsatira mbali imeneyo kuti ya kumanzere ifanane nayo. Zikatha ndidzayala mapepala pamwamba, nkudula malata motsatira mapepalawo, nkukhoma. Dothili ndi chikombole chabe. Koma chikombole chikalakwika, njerwa zonse ndi zokhota.

Za injini musandifunse. Zimenezo ndi za ena. Ine ndakhoma zidebe zaka makumi awiri, chilichonse chofanana ndi chinzake, ndipo palibe anaimapo kuti ayang'ane chidebe. Ndikufuna ndipange chinthu chimodzi choti munthu aime.

Ndaikamo zojambula zinayi pa pepala la simenti. Ngati pagalaja panu pali nyali zozungulira zotayidwa, mundiyezere kukula kwake ndi ulusi, ulusiwo mutumize. Mvula isanagwe ndiyenera kukhala nditamaliza.

Mlongo wanu akuyesa ndadwala. Musamudzudzule, madzi akutunga ndi iye.

Mlamu wanu,
Bizwick

Limbuli
21 Sepitembala 2017

Achimwene,

Muwerenge kalatayi nokha ndipo muchite zimene ndikupempha. A Noel ali kwanu komweko, ndiye ndapatsira mayi Janeti amene amakaoda mabulangete ku Joni. Alonjeza kuti akupatsani pamanja sabata yomwe ino.

Kuno kwavuta. Kwabuka mphekesera ya anamapopa. Akuti pali anthu akuyenda pa galimoto zachilendo, akupopa anzawo magazi ndi mipaipi nkumakagulitsa kunja. Ena akuti zachokera kutsidya kwa Muloza. Ine sindinaone kanthu, sindikudziwa ngati zilipo, koma anthu akugona panja m'magulu, ndipo anyamata aika zipika pamsewu, akuimitsa galimoto iliyonse. Tamva kuti kwina apha anthu ongowaganizira. Mlendo aliyense wonyamula chikwama akumufunsa mudzi wake ndi dzina la agogo ake.

Tsono kumjigo asiya kundiseka. Bola akanamaseka. Ndikafika amasendeza ndowa zawo nkundipatsa mpata ngati ndine mlendo wolemekezeka. Lolemba ndinabwerera nditaiwala nkhata, ndipo ndinamva mawu a Marjory akuti, "Galimoto yopanda chitseko, yopanda injini, yofunditsidwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ndiye imayendera chiyani?" Wina nkuti, "Madzi onsewo akutsuka chiyani tsiku ndi tsiku?" A Marjory nkuti, "Eni ake ndi azungu a ku Joni. Si ine ndanena, ananena yekha mwini wake pamalo pomwe pano."

Achimwene, mawu aja ndinanena kuti nditseke anthu pakamwa, lero ndi amene akunola zikwanje.

Ndinathamangira kunyumba nkuwauza bambo a Stella kuti tigwetse mpanda, tichotse masaka, aliyense aone kuti ndi dothi. Anati mphepo ya mwezi uno ingaling'ambe tsiku limodzi, ndipo mbuzi zingakwerepo. Akuti ndiwapatse masabata atatu okha. Ndinalira. Iwo anangondigwira dzanja nkuti, "Tabwera, Lizzie. Tsinzina." Anavundukula saka, nkuika chikhatho changa pamene padzakhale nyali, nkundiyendetsa pang'onopang'ono. Dothilo linali lozizira, losalala ngati mwala wa mumtsinje. Dzanja linakwera, linayenda, linatsika, ndipo sindinamve pamene linasinthira. Nditatsegula maso ndinali kumchira. Sindidziwa za galimoto, koma chinthucho nchokongola, Achimwene. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndiwo zikupserera.

Ndiye tsopano ndikuopa kawiri. Za bodza langa sindinawauze. Ndiyambira pati?

Chimene ndikupempha ndi ichi. Musatumize munthu aliyense kuno. Musatumize katundu, ngakhale ulusi uja anapempha. A Noel muwauze asafike pakhomo pano mpaka zimenezi zitazizira. Aliyense wochokera ku Joni akangoponda pabwalo pathu, twatha. Chonde, Achimwene, ulendo uno musaseke.

Lizzie

Germiston
1 Okutobala 2017

Alamu ndi Chemwali,

Ndikulemberani pamodzi chifukwa nkhani ndi yokoma. Lizzie wangoti chete mwezi wonse, ndiye ndadziwa kuti kumudzi kuli mtendere, chifukwa kukanakhala kuti nkhuku yatsokomola ndikanalandira masamba anayi.

Alamu, zojambula zanu ndinaziyala pa boneti nthawi yopuma. Bwana wanga anadutsa, nkuima, nkuvala magalasi. Mzungu ameneyu satama munthu, ngakhale mkazi wake. Anatsatira mzere wanu uja ndi chala kuchokera panyali mpaka kumbuyo, kawiri, nkufunsa kuti wajambulayu anaphunzira kuti. Ndinati pamsika wa Limbuli, pansi pa mtengo wa mango. Sindikulonjezani kanthu, koma akuti akufuna aone zithunzi za dothilo mbali zonse ndi miyeso yake. Pano pakusowa munthu wodziwa kupinda chitsulo ndi dzanja.

Ndiye Lizzie, waona? Bodza lako lija lasanduka zoona. Ukanakhala mneneri ukanatsegula tchalitchi.

A Noel ndi amene akubweretsereni kalatayi. Ulendo uno sabwera pa basi, akuyendetsa galimoto ya munthu wina wa ku Blantyre amene wagula kuno, yakuda, magalasi akuda, nambala za konkuno. Ndawauza afike nayo mpaka pakhomo, aimike poonekera, alize ndi hutala, kuti a Marjory ameze lilime. Anyamula tepi yoyezera, foni yojambula bwino, ndi nyali ziwiri zozungulira. Ulusi wa chiyani pamene nyali zenizeni zilipo?

Muwaphikire kalongonda, akuti anamusowa.

Robson

Limbuli
9 Okutobala 2017

Achimwene,

Kodi kalata yanga ya mayi Janeti simunailandire? Kapena munailandira nkuseka? Ndikufuna kudziwa, chifukwa mutu wanga sukuima.

Poyamba ndinene kuti palibe wafa. A Noel ali ndi bala pamphumi, apita ku Blantyre, ndipo kalata ino ndiwatumizira kumeneko kuti akakupatseni. Stella ndamupititsa kwa azakhali ku Mishoni.

Loweruka masana ndinali kusenda chinangwa pakhonde pamene ndinamva hutala. Galimoto yakuda ikulowa pabwalo, ndipo kumbuyo kwake, chapatali, anthu akubwera chothamanga. A Noel atafika pa chipika cha pamsewu anyamata anawafunsa kumene akupita. Iwo, posadziwa kanthu, anayankha mokondwa kuti atumidwa ndi bwana wa ku Joni kukaona galimoto ya a Bizwick. Anyamatawo anawachotsera chipika, nkuwatsatira.

Ndinawathamangira a Noel nkuti, "Bwererani, bwererani!" Iwo nkumaseka, "Mlamu, mlendo mumamulandira chonchi? Kalongonda wanga ali kuti?" Bambo a Stella anatuluka kumpanda manja ali matope, ataona nyali zija nkhope yawo inawala ngati mwana. Analowa onse awiri, anavundukula masaka, a Noel anatambasula tepi nkuyamba kujambula. Anthu anawapeza akuchita zimenezo.

Mpanda unagwa kamodzi. Analipo anthu oposa amene amabwera kutchalitchi. Zikwanje, mipini, miyala. Ena ndi ana oti ndinawaberekapo kumbuyo. Mwala unaphwanya galasi la galimoto yakuda, wina unawapeza a Noel pamphumi, foni yawo anaiponda. Mnyamata wina wa njinga yamoto, mwana wa mayi Sabina, anali ndi botolo la petulo m'manja. Anakuwa kuti, "Tsegulani! Tione mipaipi ndi mabotolo!"

Bambo a Stella anati, "Ilibe chitseko, ndi dothi lokhalokha."

"Nanga afunditsiranji?"

"Kuti lisang'aluke."

"Nanga awa akuyeza chiyani? Malita?"

Iwo anaima kutsogolo kwa galimotoyo atatambasula manja, nkuti, "Aliyense abwere aigwire, koma osaimenya. Yatsala masiku khumi." Munthu akuona petulo koma akuwerenga masiku a dothi! Anawagwira anthu anayi nkuwagwetsa pansi. Wina anati, "Akukaniza chifukwa muli zinthu." A Marjory anali kumbuyo, akulankhula osati mwa nkhanza ayi, mwa mantha enieni. Anati, "Mayi a Stella, nenani zoona. Si munatiuza nokha kuti azungu adzabwera? Si awa atumiza munthu?" Ndinamva fungo la petulo. Mnyamata uja anali atawathira kale bambo a Stella pamalaya.

Achimwene, sindikudziwa kuti khasu ndinalitenga nthawi yanji. Ndinangopezeka ndili pambali ya kumanja, yomwe inatha ija. Ndinatema pakati penipeni. Dothi linatseguka. Ndinatemanso, ndinatemanso, mpaka denga linagwera m'kati. Ndinkazula nsungwi ndi manja nkumaziponya pamapazi pawo. Ndinati, "Onani magazi anuwo! Nsungwi, udzu, dengu lothyoka, ndi mpando wanga umene ndakhala ndikuufuna kuyambira mu Julaye!" Wina anaseka kumbuyo, koma wa botolo uja sanaseke. Anati, "Nanga azungu aja?"

Pamenepo ndinanena. Ndinakuwa kuti aliyense amve. Ndinati, "Ndinanama! Kulibe mzungu. Ndani angaitanitse matope? Awa ndi a Noel, mumawadziwa, amakubweretserani mabulangete a ana anu. Mwamuna wangayu mutu sukuyenda bwino, amaseweretsa dothi ngati mwana, ine ndinachita manyazi ndiye ndinapeka nkhani. Palibe munthu pa dziko lino amene akuchifuna chinthu chimenechi. Mukufuna kuotcha wamisala?"

Anthu anayamba kuyang'anana. Mayi wina anati, "Zoonadi ndi a Noel awa, anandibweretsera wailesi." Amuna awiri anafika nkutokosa m'zibumamo ndi ndodo, osapeza kanthu. Mayi Sabina anafika nkumulanda mwana wawo botolo, nkumuwomba nalo kumsana. Wina anati, "Tataya nthawi ndi amisala," ndipo anayamba kuchoka awiriawiri, ena akuseka, ena akuponda zibuma podutsa. Apolisi anafika zonse zitatha nkuwaperekeza a Noel.

Ndinawavula bambo a Stella malaya a petulo aja nkuwathira madzi a mumgolo. Iwo anangokhala pansi nkumayang'ana pamene ndinayamba kutema.

A Noel asanakwere anatulutsa kalata yanu m'thumba. Ndinaiwerenga nditakhala pa zibuma. Ndiye kuti pamene ndinkakuwa kuti palibe akuchifuna, kalata yonena kuti alipo inali m'thumba mwa munthu woima pambali panga. Ndinawapatsa bambo a Stella. Anawerenga mpaka kumapeto, anaipinda bwinobwino, nkundibwezera.

Lamulungu m'mawa anatenga nyundo zawo, lumo la malata ndi bulangete limodzi, nkumanga panjinga. Ndinati, "Mukupita kuti?" Anati, "Kwathu ku Muloza, kwa achemwali. Anthu aiwale kaye." Ndinati, "Mubwera liti?" Anakwera njinga.

Mundiuze, Achimwene, ndikanatani? Inu amene mumadziwa zinthu, ndikanatani?

Lizzie

Germiston
22 Okutobala 2017

Lizzie mlongo wanga,

Mayi Janeti afika Lachinayi lapitali. Anadwalira ku Blantyre masabata atatu, kalata yako ili m'chikwama. A Noel anafika tsiku lotsatira ndi inayo. Ndawerenga ziwirizo motsatizana, nditakhala kuseri kwa galaja. Sindinaseke.

Za anamapopa ndinamvako pa foni za anzanga, koma ndinayesa ndi nkhani za kutali ndi kwathu. Sindinakufunse. Ndinatumiza galimoto yakuda pakhomo pako ndi hutala. Mlandu umenewo ndi wanga, usausenze wekha.

Wandifunsa kuti ukanatani. Ukanachita zomwe unachitazo. Dothi lilipo lambiri ku mtapo, alamu ndi amodzi.

Zithunzi zinapita ndi foni ya a Noel. Bwana ndamuuza kuti mvula inawononga, chifukwa zoona zake sangazimvetse. Anangogwedeza mutu nkubwerera ku ntchito. Zojambula zinayi zija ndazisunga m'sutikesi. Ndaimbira foni achemwali awo a alamu kawiri, akuti alamu atuluka, koma ine ndimamva nyundo ikulira chapafupi.

Usadikire ankhoswe. Kwera kabaza upite wekha ku Muloza. Ukawauze kuti ine ndikupepesa, ndipo ngati akufuna kubwera kuno ndiwapezera pogona. Ukabwerako undilembere msanga, upatsire a Noel okha.

Robson

Limbuli
12 Novembala 2017

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mukudya? Musadzizunze, Stella wabwerera, ali bwino, kungoti akufunsa za bambo ake tsiku lililonse. Zipika anachotsa pamsewu, anthu ayambanso kugona m'nyumba. A Marjory anabwera ndi mbale ya nandolo nkukhala pakhonde osanena chimene abwerera. Ndinalandira. Nanga ndikanatani, mjigo ndi umodzi. Mvula yoyamba yagwa Lachiwiri, ndipo kuseri kuja tsopano ndi matope basi. Makatoni awo ndinawalowetsa m'nyumba, ali pamwamba pa mtanda.

Ku Muloza ndinapita Lachisanu. Ndinawapeza pafupi ndi pamene amaima osintha ndalama, atayala zidebe ndi mbaula pansi. Awonda. Anandipatsa mpando, anafunsa za Stella, za mbewu, za denga la kukhitchini. Uthenga wanu ndinapereka. Anati, "Alamu asapepese, anandichitira ulemu. Ku Joni ndikapita ndi chiyani, manja okha?"

Ndinati, "Bambo a Stella, kodi ndikanaleka akuotcheni?"

Anati, "Ayi. Munachita bwino. Khasu lija sindikulidandaula, ndikanakhala ine ndikanatemanso."

Ndinati, "Ndiye tiyeni kunyumba. Anthu akudzala, munda uli wokha."

Anayamba kuwongola waya wa chidebe. Kenako anati, "Ndikufunseni chinthu chimodzi, mayi a Stella. Mawu aja munanena pagulu, oti mutu wanga sukuyenda, oti munkachita nane manyazi. Munawapeka pomwepo kuti ndipulumuke, kapena munali nawo kale?"

Achimwene, ndikanangoti ndinapeka. Liwu limodzi, bwenzi pano ali pakhomo. Koma inu muli ndi kalata yanga ya mu Ogasiti, mukudziwa zimene ndinalemba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti poyamba zinali choncho koma kenako zinasintha, ndipo mawu sanabwere msanga. Iwo anandiyang'ana, anadikira, kenako anagwedeza mutu. Kunabwera mayi wofuna mbaula, anadzuka kukamuthandiza. Pochoka anandimangira chidebe chatsopano pa kabaza, nkumuuza wa kabazayo kuti ayende bwino pa matope.

Ndakhala ndikuyankha funso limenelo ndekha, polima, potunga madzi, ndipo yankho limatalika nthawi zonse. Ndikalemba kalata sindikudziwa ngati angawerenge. Ndikapitanso sindikudziwa ngati ndikanene zoona zonse kapena liwu limodzi lija. Ankhoswe akuti tidikire mwezi uthe.

Pamene zinthu zili ndi apa. Sanandisiye ukwati, sananene kuti sabwera, koma sanabwere. Chimanga ndadzala ndekha mbali ya kumtunda. Ya kumunsi, imene amalima iwo, ndaisiya.

Ndine mlongo wanu,
Lizzie